Mabuloko a pakhomo pa shabini

Nditasiya mowa ndinakaima kutsogolo kutchalitchi n'kuchitira umboni kuti Mulungu wandichotsera ludzu lonse. Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Chimene sindinanene n'chakuti pochokera kuntchito yanga yowotcherera zitseko ndinkazungulira njira ya kumsika tsiku lililonse, kuopa kudutsa pa shabini pamene ndinamwerapo zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkachita nazo manyazi. Mkulu wina wa mpingo ankakonda kunena kuti munthu womasulidwa saopa kanthu, ndipo ine ndinkapsa mtima, poti iyeyo mowa sanaulawepo chibadwire. Komabe mawu akewo ankandiluma. Ngati Mulungu anamalizadi ntchito, ine ndinkathawa chiyani?

Mkazi wanga anali atandiuza kamodzi kokha, osakweza mawu, kuti ndikadzabweranso ndikununkha mowa adzatenga ana n'kubwerera kwawo ku Petauke. Chikwama chake chinkakhala pamwamba pa kabati, ndipo ndinkachiona m'mawa uliwonse.

Kenako mvula inalimba. Amene anakhalako ku komboni yathu ya Kanyama akudziwa kuti madzi kumeneko salowa pansi, poti pansipo ndi mwala. Njira yanga ya kumsika inasanduka dziwe, zimbudzi zinasefukira, ndipo pa wailesi ankangonena za kolera. Anthu anayala mabuloko kuti tizipondapo, mzere umodzi wokha, ndipo mzerewo unadutsa pakhomo penipeni pa shabini ija. Ndikukhulupirira kuti mwini wakeyo ndiye anapereka mabulokowo.

M'mawa ndinadutsa asanatsegule. Poweruka ndinaima nthawi yaitali poyambira mzerewo, ndikupempha Mulungu kuti anditseke mphuno. Sananditseke. Fungo la kachasu ndinalimva ndidakali patali, malovu n'kudzaza m'kamwa. Ndinachita mantha aakulu, chifukwa ndinazindikira kuti ludzu lija silinapite kulikonse. Linkangondidikira.

Ndinayamba kuponda, buloko limodzi, lachiwiri. Pakhomo panali mnzanga wakale amene tinkamwera limodzi, kapu ili m'manja.

“Ba m'busa, ngenani mubisaleko mvula,” iye anatero akuseka, akundikodola kuti ndilowe. “Kamozi chabe, Mulungu sazakalipa.”

Buloko lotsatira linali pamapazi pake. Kumbuyo anthu ankandiuza kuti ndifulumire. Sindinganame kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba, ndipo pemphero linali litandithera. Ndinangoona phazi langa latsika m'madzi.

Madziwo anandifika m'mawondo, kenako m'ntchafu. Anthu anaseka, mayi wina n'kunena kuti ndaledzera kale. Ndinayenda pang'onopang'ono, matewera a ana ndi mapulasitiki zikundikhudza m'miyendo, phazi likufufuza kutsogolo kuopa kugwera m'dzenje la chimbudzi. Pachala cha kuphazi panali bala la chitsulo, ndipo linkanyerenyetsa. Kolera ndinkamuopa kwambiri, koma kapu ija ndinkaiopa kuposa.

Kunyumba mkazi wanga anandiimika panja. Anaona buluku lonyowa ndi maso anga ofiira, nkhope yake n'kugwa. Anayandikira n'kundinunkhiza pakamwa monga ankachitira kale. Thupi lonse linkanunkha chimbudzi.

“Ili fungo ningalikwanise,” anatero, n'kupita kukatenga beseni, sopo ndi mankhwala othira m'madzi.

Masiku atatu ndinkangomvetsera m'mimba mwanga ngati mukulira. Sindinadwale. Ndinagula majombo, ndipo ndinadutsa m'madzi omwewo mpaka anaphwa.

Mpaka lero sinditha kugawa kuti apa ndi Mulungu, apa ndine. Phazi linali langa, palibe anandinyamula. Koma ine ndimadzidziwa bwino, ndipo munthu amene ndimamudziwayo akanalowa. Umboni sindinaperekenso, ndipo mkulu wa mpingo uja anganene zimene akufuna. Ndimapemphera m'mawa, madzulo n'kuzungulira kumsika.

Chaka chatha mkazi wanga anafuna kutsitsa chikwama chija kuti asungiremo zofunda. Ndinamupempha kuti achisiye pomwepo.