Zala zanga zinandiulula pa bwalo la ndege

Apongozi anga ku Ntengo-Wambalame mpaka lero amadziwa kuti ndinabwezedwa ku Joni chifukwa kalata ya chipatala inali yolakwika. Limenelo ndi bodza. Zinandibweza ndi zala zangazi.

Inu owerenga, kwathu kumalire kuno kukhala ndi mayina awiri si nkhani. Ndili wamng'ono, azakhali anga okwatiwa ku Malawi ananditenga n'kundilembetsa sukulu pa dzina la mwana wawo Enelesi, amene anali atamwalira. Setifiketi yanga ya ku koleji ili pa dzina limenelo, pasipoti yanga yoyamba chimodzimodzi. Ntchito itasowa ndinapita ndi pasipotiyo ku Joni kukagwira zapakhomo, ndipo ndinapyola masiku amene anandipatsa. Pobwerera anandigwira pachipata, anandidinditsa zala zonse n'kundiletsa kupondako kwa zaka zingapo. Mumtima ndinaseka, ndinati woletsedwayo ndi Enelesi, osati ine.

Nditafika kwathu ndinatenga bilyete, chitupa cha unzika, ndi pasipoti ya Mozambiki pa dzina langa lenileni, kenako ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Furancungo. Za ku Joni sindinawauze.

Mwana wathu Zito anabadwa ndi vuto la mtima. Akangoyamwa pang'ono milomo inkada, kupuma kuli wefuwefu. Madokotala anatipezera tsiku la opaleshoni ku Joni, ndipo mpingo ndi achibale anasonkha ya ndege yokwana kholo limodzi. Bambo ake anati apite iwo. Ine ndinakanitsitsa. Mwana woyamwa angasiyane bwanji ndi bere?

Titatera, pamzera wa alendo, mayi wa yunifolomu anandiuza kuti ndiike zala pa kagalasi kowala. Ndinaika, Zito ali kumsana. Mayiyo anayang'ana kompyuta, anayang'ana ine, n'kuitana mnzake, kenako anandifunsa:

"Enelesi ndi ndani?"

Dzina la munthu amene anawola kalekale, kulimva pakamwa pa mlendo kutali konse kuja! Ndinatulutsa kalata ya chipatala, ndinagwada, ndinamuvula Zito malaya kuti aone mmene chifuwa chinkadumphira. Mayiyo anati, "Mwanayu alibe mlandu, koma zalazi n'zoletsedwa. Palibe wina womulowetsa?" Panalibe. Tinabwezedwa pa ndege yotsatira.

Amuna anga anatichingamira ku Tete. Ndinawauza zonse tisanakwere minibasi ya chapa. Anangoti, "Mayi a Zito, ndiye ine ndinakwatira uti?" Komabe ndi iwo amene anandibisira kwa makolo awo.

Tsiku la opaleshoni linadutsa. Lina linapezeka patatha miyezi inayi, ndipo Zito anapita ndi bambo ake, nditamuletsa kuyamwa mokakamiza. Ine ndinatsala pakhomo mkaka ukunyowetsa bulauzi. Zito anabwerako wamoyo, koma madokotala anati kuchedwako kunaufooketsa mtima, azikhalira mankhwala.

Inu muli ndi mapepala a mbali zonse ziwiri, makina amenewa safunsa dzina. Ngati munaletsedwapo kwinakwake, muuzeni mnzanu wa m'banja ulendo usanakonzedwe. Ine ndikanangonena, Zito akananyamuka ndi bambo ake ulendo woyamba womwe uja.

Apongozi akabwera ndi mbatata amamunyamula mdzukulu wawo n'kumatukwana amene analemba kalata ija. Ine ndimangosungunula mankhwala m'supuni. Ndiuzeni, ndikuchita bwino kuwasiya akutukwana munthu wosalakwa?