Chapakati cha buku la telala chili ku Nambuma

Bokosi la mabuku la azakhali anga, lomwe midzi ingapo kuseri kwa Namitete imadalira, likwera galimoto kupita ku tauni Lamulungu likubwerali ngati masamba ena ake sapezeka.

Ndinali komweko Loweruka lapitali, ndipo ndabwerako ndili wosangalala. Mudabwa eti? Mabuku akufuna kuchoka pamudzi, ine n'kumasangalala? Tandimvetserani kaye.

Azakhali anga, Anambewe, ndi mphunzitsi wopuma pantchito. M'bokosi lawo lachitsulo muli zosakanikirana: nkhani zopeka, mbiri yakale, buku la kawetedwe ka nkhuku, la kaphikidwe, ndi lina limene namwino wina analemba za moyo wake. Amabwereketsa kwa aliyense. Lamulo lawo ndi limodzi: ukawerenga, bweza.

Anthu amabwezadi. Koma masiku ano akubweza zidutswa.

Nkhani yake ili motere. Nyengo ino fodya wapita ku okushoni, chimanga chalowa m'nkhokwe, anthu apeza mpata. Aliyense akufuna buku, ndipo onse akulifuna nthawi imodzi. A Lenadi, a kabaza amene amatenga mabukuwa n'kumawatula m'midzi yoyandikana, anaona kuti adana ndi anthu. Ndiye anagula lezala. Buku likakhala lonenepa amalicheka pamsana, patatu, kuti nyumba zitatu ziwerengere limodzi kenako zisinthane.

Ndipo amagawa mmene timagawira nyama ya pa ukwati: milu ifanane, wina asadandaule. Sayang'ana pamene mutu wa nkhani wathera. Amangoyesa kukhuthala kwake ndi zala, n'kucheka. Chidutswa china chimathera pakati pa chiganizo, mawu otsalawo ali kumudzi wina.

Azakhali atatulukira zimenezi anaimbira foni mwana wawo wa ku tauni, msuweni wanga, kuti adzatenge bokosi lonse. Kenako analengeza kutchalitchi kuti aliyense amene ali ndi buku, kaya chidutswa, abwere nacho Loweruka. Ine ndinangofikira pa msonkhano umenewo osadziwa.

Khonde linadzaza. Amayi ena anabwera ndi malichero a mtedza kuti manja asakhale chabe. Pakati panayalidwa mphasa yoikapo mabuku.

“Iwe Lenadi,” anayamba azakhali, “ndinakuphunzitsa kugwira pensulo ndine. Lezala anakuphunzitsa ndani?”

“Aphunzitsi, ine ndimafuna chilungamo,” anatero a Lenadi atagwira chipewa m'manja. “Buku limodzi, anthu atatu. Amake Tadala awa amandiimitsa pamsewu ngati apolisi. Ndikanatani?”

“Chilungamo chake chiti?” analowererapo a Kamwendo, mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba. “Buku la nkhuku ine munandipatsa mbali ya matenda okhaokha. Chitopa ndikuchidziwa, nthomba ndikuidziwa, utitiri ndikuudziwa. Nkhuku ikangoyetsemula ndimadziwa dzina la chimene chiiphe. Nanga mankhwala ake ali kwa ayani?”

“Ali kwathu, abambo,” anayankha amake Tadala, mayi wogulitsa mandasi pamsika. “Koma ine nkhuku ndilibe. Ndinangowerenga poti chinabwera.”

Khonde lonse linafa ndi phwete. Ngakhale azakhali anabisa pakamwa ndi nsalu.

Apa m'pamene zinayamba kukoma. Palibe amene anatula buku pamphasa mwakachetechete. Aliyense ankalitula ndi chigamulo chake, ngati woweruza.

Buku la kaphikidwe linaona tsoka. “Kodi wolemba ameneyu anaphikapo pamafuwa?” anafunsa amake Tadala. “Tsamba lililonse akuti ikani mu uvuni, ikani mu uvuni. Uvuni wake uti? Koma pa za maungu pokha ndamugonjera, ndinayesa ndipo ana ananyambita mbale.”

La mbiri yakale a Kamwendo analiyamikira, koma ndi dandaulo. Akuti ladzaza nkhondo ndi maina a mafumu, osanena kuti anthu wamba ankalima chiyani, ankadya chiyani mvula ikavuta. Anawonjezanso kuti zilembo zake ndi zazing'ono ngati mbewu ya fodya, moti munthu amalimaliza mutu ukuwawa.

La namwino lija linapambana onse. Amayi awiri ananena kuti analira pamene ankafotokoza za kubereketsa mayi woyamba ali yekha, mantha ali thoo. Wina anati linamukumbutsa ulendo wake wa pangolo wopita kuchipatala kukabereka. Palibe amene analinyoza, kupatula kuti akuti latha msanga.

Kenako panafika buku la telala, ndipo mtedza unaiwalika.

Iyi ndi nkhani yopeka, yonenepa ndithu, ya telala amene anatenga ana a malemu mkulu wake n'kumawalera. Amake Tadala anali ndi chidutswa choyamba. A Kamwendo anali ndi chachitatu.

“Munthu wa Mulungu telala ameneyu,” anatero amake Tadala akuchisisita chidutswa chawo. “Kusoka mpaka msana kupindika kuti ana a mwini apite kusukulu. Amuna otere anatha.”

“Munthu wa Mulungu?” a Kamwendo anavula magalasi. “Mayi, kwanga kuno nkhani ikuyamba telala wanuyo akutuluka kundende. Ana omwewo sakumupatsa ndi moni womwe. Ine nkhani zopeka ndimaziona ngati mabodza ovala jekete, sindiziwerenga kawirikawiri. Koma ameneyu ndamuwerenga, ndipo ndikuti ndi tambwali.”

“Kundende? Telala wanga?”

“Kundende, mayi. Munthu wabwino amakatani kumeneko?”

“Abambo, inu mkulu wa mpingo wathunthu, simunamvepo za anthu omangidwa osalakwa? Mumalalikira chiyani paguwa paja?”

Khonde linagawika pawiri. Amene anabwerekako chidutswa choyamba anaima ndi telala. Amene anaona chachitatu ankamufuna abwerere kundende. Mawu anakwera moti agalu a pamudzi anayamba kuuwa. Ndipo mwa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa chimene telalayo anachita, chifukwa chidutswa chachiwiri, chapakati, panalibe.

“Chili kuti?” anafunsa azakhali.

A Lenadi anayang'ana pansi. “Alamu anga anapita nacho ku Nambuma, aphunzitsi. Akudwazika mayi awo. Anati pachipatala nthawi imatalika.”

Maso onse anatembenukira kwa azakhali, munthu yekhayo amene analiwerenga buku lija lisanachekedwe.

“Aphunzitsi, tatiuzani chabe. Analakwa kapena anamunamizira?”

“Ndikudziwa,” anatero azakhali akukonza duku. “Koma sindinena. Buku munalicheka nokha.”

Tsopano ndiloleni ndilankhule nanu, awerengi.

Ndi kangati mwamva mawu akuti Amalawi sawerenga? Ife a m'nyuzi timawalemba. Olemba mabuku amawanena akamadandaula. Akuluakulu amawabwereza pa misonkhano ya m'mahotela, aliyense n'kugwedeza mutu. Ine ndemwe ndinkawamva ngati choonadi chosafuna umboni.

Koma munthu wosawerenga angakalipirane ndi mkulu wa mpingo chifukwa cha telala amene sanakhalepo? Munthu wosawerenga angamalize mbali ya mankhwala a nkhuku alibe ndi mwanapiye yemwe? Chimene ndinaona pakhonde paja si ulesi. Ndi njala. Chakudya chikachepa anthu amagawana timagawo, ndipo a Lenadi anangochita zimene mudzi umachita ndi chilichonse chosowa.

Sindikuwaikira kumbuyo. Azakhali akunena zoona: buku lochekedwa limayamba kuthothoka, tsamba loyamba lero, lomaliza mawa, mpaka palibe chotsala. Mabuku amenewa anawasonkhanitsa moyo wawo wonse. Ali ndi ufulu wokwiya.

Koma lezala lija likuuza olemba ndi osindikiza mabuku zinthu zimene sanafunsepo. Ngati anthu akucheka buku lonenepa patatu, bwanji osalisindikiza m'timabuku titatu topyapyala, kalikonse kothera pamene mutu wathera? Ngati maso a wowerenga akutopa, bwanji osakuza zilembo? Ngati ophika ambiri ali pamafuwa, uvuni ukutani pa tsamba lililonse? Ndemanga za mabuku zimene timalemba m'nyuzi zimachokera kwa anthu a m'tauni okhaokha, nthawi zambiri anzake a wolembayo, ndipo zimakhala zaulemu mpaka kutopetsa. Pakhonde la azakhali panalibe ulemu wotero. Buku labwino linkatamandidwa ndi misozi, loipa linkauzidwa m'maso. Wolemba aliyense amene akufuna kudziwa pamene ali, akwere minibasi ya ku Mchinji, atsike pa Namitete, akakhale pamphasa.

Ndipo tisawaseke kwambiri a Kamwendo ndi amake Tadala. Ife pafoni timaweruza munthu titangoona mutu wa nkhani. Iwo aliyense anawerenga gawo lathunthu, ndipo atazindikira kuti pakati pakusoweka, anafunsa kuti chili kuti. Ife timafunsa?

Dzuwa litapendeka, amake Tadala anagwada pafupi ndi azakhali.

“Aphunzitsi, mukatilanda bokosili tiziwerenga chiyani? Matumba a feteleza?”

Azakhali anayang'ana mulu wa zidutswa pamphasa. Ndikuganiza kuti nawonso anali asanamvepo mabuku awo akukanganiridwa chotere. Potsiriza anagamula. Lezala lisadzayandikirenso buku. Zochekedwa zonse zisokedwe ndi ulusi wolimba, ndipo a Kamwendo anadzipereka kuyang'anira ntchitoyo, poti mbali ya mankhwala a nkhuku akuifuna mwachangu. Buku limene anthu ambiri akulilimbirana liziwerengedwa mokweza pakhonde pomwepo, Loweruka masana, aliyense amve kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

“Koma zonsezi,” anatero atakweza chala monga ankachitira m'kalasi, “ngati chapakati cha telala chifika mwana wanga asanafike. Akubwera Lamulungu la sabata yamawa tikaweruka kutchalitchi. Akapeza buku limeneli lili ndi dzenje pakati, bokosi likwera galimoto.”

A Lenadi analonjeza kuti Lachisanu m'mamawa apalasa njinga kupita ku Nambuma, ngakhale makasitomala alire. A Kamwendo anawapatsa pepala lapulasitiki lokulungira, nawachenjeza kuti asayerekeze kuyamba kuwerenga panjira n'kudzawaululira anthu.

Pondiperekeza kokwerera minibasi, a Lenadi anandinong'oneza chinthu chimene sanayerekeze kunena pakhonde. Kunyumba kumene alamu awo afikira kuli agogo aamuna osuta fodya wopichira wa chingambwe, ndipo akuti pepala la buku amalikonda kuposa la nyuzi chifukwa limayaka pang'onopang'ono.

“Ndawaimbira alamu kuti achibise m'chikwama,” anatero. “Foni yawo sikupezeka.”

Choncho Lachisanu njinga inyamuka. Loweruka khonde lidzadzanso, singano ndi ulusi zili m'manja, maso ali kumsewu. Lamulungu masana midzi ingapo idzadziwa ngati telala anali wolakwa, ndiponso ngati idzakhala ndi chowerenga mwezi wamawa.