Tsiku Limene Ndinalekerera Dziko Kuzima

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amayi, kukwaya. Nditamaliza mayeso a Fomu 2, anadandaulira mnzawo woimba naye, aNangozo, kuti ndikungobindikira m'nyumba ndi kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku, osalankhula ndi munthu. ANangozo anati, "Ameneyo ndiye ndikumufuna. Olongolola andikwana." Lolemba lotsatira ndinayenda wapansi kuchoka kwathu ku Kawale kupita ku Biwi, nditavala siketi yanga ya kutchalitchi.

ANangozo anali atapuma pa ntchito ya ulembi. Pabalaza pawo panali kompyuta, pulinta ndi chodulira mapepala, ndipo anthu ankabwera kudzataipitsa makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Ine ndinkadula, kupinda, ndi kuwerenganso zotaipidwazo kuti ndipeze zolakwika. Koma panali ntchito ina yosakhudza kasitomala aliyense, ndipo ndi imene ndinaikonda.

Mwana wawo Dalitso ankaphunzira kunja. Atabwera kutchuthi, anaika mu kompyutamo pulogalamu ya akatswiri ofufuza za kusintha kwa nyengo. Akatswiriwo makompyuta ankawachepera, ndiye anapempha anthu wamba m'maiko osiyanasiyana kuti awabwerekeko makompyuta a kunyumba, mwaulere, pa nthawi imene akungokhala. Wovomera aliyense ankalandira dziko lakelake loyerekeza. Kompyuta inkawerengera mvula, mphepo ndi kutentha kwa dzikolo, kuyambira zaka zakale kwambiri mpaka zaka zimene ife tidzakhale tili nkhalamba. Ukasiya mausi kwa kanthawi, pa sikirini pankaoneka dziko likuzungulira, mitambo ikuyenda, ndipo pakona pankalembedwa chaka chimene lafika. Loweruka lililonse tinkazula waya wa telefoni n'kuulowetsa ku kompyuta kuti zotsatira zipite. Pamene ndinkayamba ntchito, dzikolo linali litakhala likuyenda mu kompyutamo kwa miyezi itatu.

Mdani wake anali magetsi, makamaka nthawi ya mvula.

"Tamvera, Tiya," anatero aNangozo tsiku loyamba lomwelo, akuloza pansi pa tebulo. "Kabokosi aka ndi UPS, muli batire. Magetsi akazima kamalira. Uli ndi mphindi zisanu ndi ziwiri basi."

M'mphindi zimenezo unkayenera kutsegula pulogalamu ija, kudina polembedwa Suspend kuti iime kaye, kudikira mpaka kanyali kofiira kapatsogolo pa kompyuta katasiya kuphethira, kutseka pulogalamuyo, kenako kuzimitsa kompyuta bwinobwino. Dalitso anachenjeza kuti ikangozima yokha ili mkati molemba zotsatira zake, dziko lonse litha kuwonongeka. ANangozo anamulonjeza kuti adzalifikitsa kumapeto. Za nyengo sankazitsata kwenikweni, koma mwana wawo akaimba foni, funso lake loyamba linkakhala la chaka chimene lafika, ndipo iwo ankasangalala kukhala ndi yankho.

M'masabata atatu ndinazimitsa kompyutayo kasanu ndi kamodzi, osalakwitsa. Madzulo ndinkalemba m'kabuku kanga chaka chimene tasiyira. Ndinawerengera ndekha kuti Khirisimasi isanakwane, dzikolo lifika chaka chimene ine ndinabadwa. Sindinauze munthu. Ndinkangofuna kuona ngati ku Malawi kudzakhale mitambo.

Kenako kunabwera Loveness.

Anali mwana wa achimwene awo a aNangozo, wa ku Blantyre, wa Fomu 3. Ankavala jinzi, ankaseka mokweza, ndipo ankataipa osayang'ana pa kiyibodi. Patangopita masiku awiri, aNangozo anati, "Loveness, iwe uzikhala pa kompyutapo. Tiya, iwe makadi." Mpando wanga unasanduka benchi ya pafupi ndi zenera.

Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali mpandowo. Makasitomala akaona dziko likuzungulira ankafunsa, ndipo ine ndinkangoyankha chapansipansi kuti ndi za nyengo. Loveness ankaimirira n'kumalitembenuza ndi mausi, akuti, "Ili ndi dziko lathu la pakhomo pano, tikuthandiza asayansi akunja." A Yusufu, telala wa pafupi, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mayi, mwana wanuyu ndi mutu. Ameneyu adzakwera ndege." Ine ndinali pomwepo, ndikupinda makadi. Loweruka, waya wa telefoni analumikiza ndi Loveness. Dalitso ataimba, foni anapatsidwa Loveness. M'kabuku kanga ka masiku amenewo muli mawu awa: "Lero L. wauza anthu kuti mtundu wofiira ndi moto wa m'tchire. Si moto, ndi kutentha. Palibe amene wandifunsa."

ANangozo anandiuza kawiri konse kuti, "Umuphunzitse mnzakoyu za magetsi zija." Ndinkati, "Chabwino, Amayi," koma sindinamuphunzitse. Chinali chinthu chimodzi chokha chimene ndinkadziwa ine, iye osachidziwa, ndipo ndinachisunga. Loveness nayenso sanafunse, chifukwa sabata imeneyo magetsi sanazime.

Lachinayi linalake aNangozo anapita ku maliro ku Chilinde. Pakona pa sikirini panali mwezi wa Novembala wa chaka chomaliza chisanafike chaka chimene ndinabadwa. Ndikanangodikira mpaka masana, chaka changa chikanafika. Ndinali ndi makadi a ukwati oti ndipinde, ndipo Loveness anali pa kompyuta, akusewera gemu ya makadi. Cha m'ma leveni kunachita mdima, mvula inayamba kuwomba pa malata, ndipo babu linazima. UPS inayamba kulira.

"Kakulira chani aka?" anafunsa Loveness.

"Magetsi azima," ndinatero.

"Koma kompyuta ikuyakabe. Ndiye bho, eti?"

Ndinatenga khadi lina, ndinalipinda pakati, ndinalisalaza ndi rula. Mumtima ndinkati andifunse bwinobwino. Anene kuti, Tiya, ndithandize, ine sindidziwa. Ndinkati akangotero ndidzuka. Khoma linali ndi wotchi ndipo ndinkaiona. Mphindi zitatu. Zinayi. Loveness ankang'ung'udza nyimbo, akukoka makadi ake ndi mausi. Sankandinyoza, sankadziwa chabe. Ine ndinapinda makadi asanu ndi anayi.

Kabokosi katayamba kulira mofulumira, ndinaponya rula pansi. Ndinadumpha, makadi anamwazika, ndinamukankha Loveness paphewa. Ndinatsegula pulogalamu ija. Pothamanga ndinadina pena. Ndisanabwerere, sikirini inada.

Magetsi anayaka cha m'ma folo. Kompyuta inayaka bwinobwino, makalata onse a anthu analimo. Koma dziko silinabwere. Panali mzere wa Chingerezi wonena kuti ntchitoyo yalephereka ndipo siingapitirire. Ndinazimitsa n'kuyatsanso katatu. Mzerewo sunasinthe.

ANangozo anafika atanyowa, ali ndi nsalu ya maliro m'chiuno. Asanakhale n'komwe, Loveness anayamba kulira. "Anti, ndine. Ndinali pampandopo ndine. Kanalira koma sindinadziwe chochita." Ndinali nditakonzekera kumuona akudzikanira, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma sanatchule dzina langa ngakhale kamodzi.

ANangozo anawerenga mzere uja, kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe unali kuti?"

"Pompano, Amayi."

"Unakamva kakulira?"

"Ndinakamva."

"Unamuphunzitsa mnzakoyu?"

Ndinayang'ana pansi. Sanakalipe. Anavula nsapato, anazigogoda pakhomo kuti matope agwe, ndipo anati, "Sabata yatha Dalitso anandifunsa kuti kodi ndi mvulayi zitheka. Ndinamuuza kuti asadandaule, pali Tiya, mwana amene saphonya kanthu. Anati ndikakuthokozere. Ndinaiwala kukuuza. Tsopano ndikamuuza chani?"

Sindikudziwa chimene anamuuza. Loweruka tinalumikiza waya, ndipo akatswiri aja anatumiza dziko lina latsopano, loyambira pachiyambi penipeni. Sindinachotsedwe ntchito. Koma tsiku limenelo foni itaitana, aNangozo anakalankhulira kuchipinda atatseka chitseko, ndipo atatuluka maso anali ofiira. Miyezi inayi ya kompyuta yawo, ndi lonjezo lawo, ndinazigulitsa kuti ndimve mtsikana mnzanga akunena kuti sadziwa.

Lolemba mamawa, makasitomala asanabwere, ndinamuitana Loveness. Ndinazimitsa dala switchi ya pakhoma kuti kabokosi kalire, ndipo ndinamuonetsa zonse, kuyambira podina mpaka kanyali kofiira. Ndinamuuzanso kuti Lachinayi ndinakhala chete mwadala. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Tiya, ndiwe woopsa bwanji, ndi kufatsa konseku." Kenako anati, "Tazimitsanso ndiyese."

Ine ndinkazimitsa kompyutayo m'mphindi zinayi. Loveness, ulendo wake woyamba, anaizimitsa m'mphindi ziwiri ndi theka. Ndisaname, zinandiwawa, ndipo mpaka pano ndili Fomu 3 ndikakumbukira zimandiwawabe. Nsanje sinandichoke. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pa ntchito, chinthu chimene ukuchidziwa wekha si chuma chako, ndi ngozi imene ikudikira tsiku lake. Ndiye ndikadziwa kanthu ndimauza mnzanga msanga, mtima usanayambe kundinong'oneza zina, ngakhale ndikudziwa kuti mawa adzachichita bwino kuposa ine.