Tsiku limene Odessa anauzidwa kuti akhale chete

Odessa Tillman anabadwa ndi pakamwa. Kuno kummwera kwa Georgia, kumene minda ya thonje ndi mtedza imafika mpaka m'mphepete mwa msewu, aliyense ankadziwa kuti ukafunsa mwamuna wake funso, yankho lichokera kwa Odessa. Mwamunayo, malemu Clifton, anapirira nazo mpaka kumanda. Mayiyu anaphunzitsa ana aang'ono kuwerenga kwa zaka zambirimbiri, moti theka la tawuni ino linadutsa m'manja mwake, ngakhale wapolisi amene amamuimitsa akathamangitsa galimoto, kenako n'kupepesa yekha.

Sukulu ya m'dera lathu itatsekedwa, ana anayamba kukwera basi m'bandakucha kupita kutali. Odessa zinamuwawa. Anaganiza zotsegula sukulu ya tchata m'nyumba yakale yogulitsiramo mipando: sukulu yoyendetsedwa ndi komiti ya anthu wamba, ana osalipira, koma chilolezo chochokera ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lino. Popanda chilolezocho, ana azingokwerabe basi ija.

Komiti anaisankha yekha, nanga akanasiyira ndani? Wapampando anali Vernice Crowder, namwino wopuma ntchito, mnzake wa ponda apa nane m'pondepo kuyambira pautsikana. Panalinso a dikoni Purvis Gaines, omwe ndi makaniko, ndi ena a kutchalitchi. Ankakumana kukhitchini kwa Odessa, patebulo pali tiyi wozizira ndi chitumbuwa cha mbatata. Iye ankayankhula, iwo ankatafuna.

"Iwe Odessa, ndi kumwamba komwe ukatiyankhira ndiwe," ankatero Vernice.

"Ndikapanda kutero ukalowa bwanji, ulesi wakowo?"

Ofesi ija ili ndi kachitidwe kake. Ikawerenga pempho lanu, imaitana komiti yonse kuti ione ngati anthuwo alipodi kapena ndi maina chabe. Wotsogolera mafunso tsikulo anali bambo Strickland, munthu woyankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Anafunsa za maphunziro, za chakudya cha ana, za ana olumala. Onsewo Odessa anawawakha m'malere, anzake asanatsegule n'komwe pakamwa.

Kenako bambo Strickland anavula magalasi. "Mayi Tillman, funso ili si lanu. Chonde mukhale chete mpaka komiti ithane nalo." Anatembenukira kwa enawo. "Tiyerekeze kuti sukulu yatsegulidwa, zaka zadutsa, koma ana sakudziwa kuwerenga ndipo aphunzitsi akuthawa. Mphunzitsi wamkulu ndi mayi Tillman, malangizo anu sakuwamva. Mudzatani?"

A dikoni anayamba kuyendera zikhadabo zawo. Odessa mawu anamudzaza m'kamwa, anachita kugwiritsa mpando ndi manja onse awiri. Anadziwa kuti anzakewo akangokhalabe duu, sukulu yathera pomwepo. Anaponya diso kwa Vernice, mumtima akuti: nena kuti zimenezo sizingachitike, nena kuti ndine mphunzitsi wabwino!

Vernice sanamuyang'ane n'komwe. "Tidzamuitana, tidzamuuza zoona, tidzamupatsa nthawi ndi womuthandiza. Zikadzakanika, tidzamuchotsa ntchito."

"Koma ndamva kuti ndi mnzanu wapamtima," anatero bambo Strickland.

"Bambo, mwamuna wake pomwalira ndinamutseka maso ndine. Kulira ndidzalira. Koma mdzukulu wanga adzakhala m'kalasi mmenemo. Ndidzamuchotsa."

Apo a dikoni anapeza mawu. "Ine ndidzavomereza. Bola makiyi musadzatume ine kukalanda, ndikadali kuufuna moyo."

Anthu anaseka, Odessa ayi. Mtima unamupweteka kwambiri. Pobwerera sanayankhule m'galimoto njira yonse, chinthu chimene tawuni ino inali isanachionepo. Lamlungu kutchalitchi anakakhala benchi lina, nyimbo akuimbira m'mphuno.

Patapita milungu ingapo akuluakulu a maphunziro anavota pamsonkhano wa anthu onse, chilolezo n'kuperekedwa. Bambo Strickland pofotokoza anati chinawakhutiritsa n'chakuti komitiyo ikhoza kuima payokha. Makolo anaomba m'manja, ena anamukumbatira Odessa, iye akungomwetulira cha pamwamba.

M'mawa mwake anapita kwa Vernice, n'kumupeza pakhonde akusenda mbatata. Anaima pamasitepe, chikwama chili m'khwapa.

"Zija unanena kuti tipambane basi, eti? Kunali kuchenjera?"

Vernice sanasiye kusenda. "Ayi, mnzanga. Ndinkanenetsa."

Odessa anakhala pansi pambali pake. Anayang'ana msewu umene basi ya ana imadutsa. Kenako anapisa m'chikwama, natulutsa makiyi a nyumba ya sukulu ija, amene anali asanamugwiritsepo munthu wina aliyense. Anavutika nawo ndi chikhadabo mpaka kiyi imodzi inachoka pamulupo, naiika pachilolo cha mnzakeyo, pakati pa makoko a mbatata.

"Sunga. Tsikulo likadzafika usadzatume munthu. Udzabwere wekha."