Tsiku Limene a Malizani Analowa M'sikelo ya Nkhumba

A Malizani Namacha anagwira ntchito kukhola la nkhumba la pa esiteti yathu zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ine ndinagwira nawo zisanu ndi zitatu zomalizira. Dzina langa ndine Lizzie, koma pakompaundi ankanditchula amake Dora. Ntchito yanga inali yotsuka makola ndi kututa ndowe pa wilibala. Kukompaundi nyumba yanga ndi yawo zinali khoma limodzi, moti akatsokomola ndinkamva. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sindikufotokoza zongomva kwa anthu.

Esitetiyo inali ya tiyi. Nkhumba anaziika kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mitengo ya bulugama, kumene fungo silikanafika kunyumba za mabwana. Othyola tiyi ankatiseka kuti ife akunkhumba tikalowa m'golosale ntchentche zimatiperekeza. Ine ndinkawabwezera mawu. A Malizani ankangodutsa.

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wosayankhulayankhula. Anabadwira ku Khonjeni, m'banja la ana asanu ndi anayi, pakamunda koti ukaponya mwala umakagwera kwa eni ake. Sukulu analekezera Sitandade 2. Pa esiteti anayamba ndi kuthyola tiyi, koma manja awo anali ochedwa, dengu silinkadzadza, ndiye kapitawo anawatayira kunkhumba ngati chilango. Kumeneko n'kumene anakapeza ntchito yowayenera.

Khola lathu linali lonenepetsa. Nkhumba zinkabwera zili zazing'ono, ife n'kuzidyetsa mpaka zitakwana makilo 90, kenako lole n'kuzitengera ku Blantyre. Kuyeza nkhumba masiku amenewo inali nkhondo. Pankafunika amuna anayi oti aigwire, aikulunge m'chiguduli, aikoleke pasikelo ya mbedza yonga yoyezera masamba a tiyi, iyo ikulira ngati akuipha. A Malizani sankafuna zimenezo. Ankaika chikhatho pamsana, n'kuchitsetsereza mpaka kuntchafu, n'kunena kuti iyi yatsala sabata imodzi, iyi yakwana. Yokwana ankaipaka penti yabuluu paphewa. Mabwana anawayesa kambirimbiri ndi sikelo ya mbedza ija, ndipo akaphonya ankaphonya ndi kilo imodzi kapena ziwiri. Mapeto ake sikeloyo inachita dzimbiri pamsomali.

Akazi awo, a Rhoda, anali a ku Nsabwe. A Malizani anali mkamwini kumeneko: munda unali wa akazi awo, nyumba anamanga pamalo pa apongozi, ana awiri aakazi anali a mtundu wa kuchikazi. Loweruka lililonse ankapita ndi kathumba ka mchere ndi sopo, Lamlungu madzulo n'kubwerera kuntchito. M'chaka cha njala cha 2002 a Rhoda anadwala, thupi lilibe kale mphamvu, ndipo anamwalira sabata isanathe. Mwambo wa maliro utatha, abale a malemu anawasudzula a Malizani mwaulemu wonse. Anawathokoza, anawapatsa bulangete ndi khasu lawo, n'kuwauza kuti tsopano ndi mfulu. Ku Khonjeni kamunda kaja anali atagawana kale ana a alongo awo. Chotero munthu wa zaka zoposa makumi asanu anatsala ndi malo amodzi okha padziko lonse lapansi, nyumba nambala 14 ya kukompaundi. Ndipo nyumba ya esiteti imayenda ndi ntchito. Ntchito ikatha amakupatsa masiku asanu ndi awiri.

Atabwerako kumaliro kuja anasiya bawo, anasiya tchalitchi. Sankalira, sankadandaula. Ankadzuka, kupita kunkhumba, kubwerako, kukhala pakhonde mpaka dzuwa litalowa. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino, koma umachita kuona kuti mawuwo akuchokera patali.

Chakumapeto kwa 2005 kunabwera manijala watsopano wa ziweto, a Chawanangwa Msiska, a ku Rumphi, ophunzira zaulimi. Sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Ankatipatsa moni mmodzimmodzi, ndipo ankalowa m'khola ndi magambuti awo osanyansidwa. Koma amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mitu yoti kametedwe inali yathu.

Kalumo kawo kanali makina oyeza ndi kusankha nkhumba okha. Anali ngati kanjira kachitsulo kopapatiza, koti n'kulowamo nkhumba imodzi yokha, ndipo anakaika pakati pa malo ogona nkhumba ndi malo odyera. Nkhumba ikafuna kudya inkayenera kudzera mmenemo. Ikalowa, chitseko chinkatsekeka kumbuyo kwake ndi phokoso la mpweya, pansi pankayeza, nambala n'kuoneka pakagalasi, kenako chimodzi mwa zitseko zitatu zakutsogolo n'kutseguka. Yopepuka inkapita kumanzere, kuchakudya chokulitsa. Yapakatikati inkapita kutsogolo. Yokwana makilo 90 inkapita kumanja, kukhola lodikirira lole.

Tinalipo antchito asanu ndi mmodzi. Peterson, kalaliki wa kusitolo ya chakudya cha nkhumba, ndi yekhayo amene ankawerenga Chingerezi, ndipo ndi iye anatiuza zimene anaona pakalata. Kampani yogulitsa makinawo inawabwereketsa kwa masiku makumi atatu. Nkhumba zikakana kulowamo, makina abwerera kwawo. Zikalowa, esiteti igula, ndipo kukhola kudzangofunika anthu awiri, wowerenga manambala ndi wotuta ndowe.

Tinakambirana pansi pa bulugama nthawi yopuma. Nkhani inali yosavuta. Nkhumba ndi nyama yamantha ndi zachilendo, ndipo ife sitinafunike kuwononga kalikonse. Tinangofunika kusazithandiza. Tonse tinayang'ana a Malizani, chifukwa nkhumba zija zinkawatsatira iwo okha, akapita kumanzere zonse kumanzere. Ndinawafunsa ngati amva. Anagwedeza mutu kuti amva.

Tsiku loyamba nkhumba imodzi inalowa, chitseko chinaomba kumbuyo kwake, pansi panagwedera, iyo inakuwa, ndipo zinzake zonse zinathawira kukhoma. Palibe ina inayandikiranso. A Msiska anatsegula buku la makinawo, n'kutiuza kuti buku likuti tisazipatse chakudya kumalo ogona, tizipatse madzi okha, njala iziphunzitsa yokha. Ine ndinaseka chamumtima. Mmawa wotsatira ndinalawira, ndinathira palafini pakhomo pa makinawo, poti nkhumba imadana ndi fungo limenelo. Tsiku lachitatu ndinathiranso.

Ngati simunamvepo nkhumba 120 zanjala zikulira, musakhumbe. Kulirako kunkamveka mpaka kumunda wa tiyi. Zinayamba kutafuna zitsulo, kulumana michira. Koma ine sizinandikhudze, ndinene zoona. Chaka chimenecho mvula inali itadula msanga, njala inabweranso, ndipo kumpanda wa khola kunkaima amayi a kumidzi ndi mbale zawo kupempha madeya osesedwa pansi. Kunyumba ndinali ndi ana anayi opanda bambo. Chisoni changa chinali ndi eni ake kale, panalibe chotsala chopatsa nkhumba.

A Malizani masiku atatu amenewo ankadzaza madzi m'zomwera, n'kukakhala pachidebe chovundikira kumapeto kwa khola, manja ali pamaondo. Nkhumba zinkaunjikana pafupi nawo, zikuwanunkhiza miyendo. Iwo ankayang'ana khoma.

Mmawa wa tsiku lachinayi kukhola kunali kachetechete. Nkhumba zambiri zinali zitagona chammbali, zikupuma mofulumira. Ndinapeza a Malizani atagwada pakhomo pa makina, ali ndi ndowa ya madzi ndi sopo wawo wa kunyumba, akukwecha palafini wanga.

"A Malizani, mukutani?"

"Ndikutsuka, amake Dora."

"Mukutsuka ntchito yathu. Nyumba yanu yomwe. Mukagona kuti inuyo?"

Anapitiriza kukwecha. Kenako anati, "Mwamva kuti zasiya kulira? Ine ndikukudziwa kusiya kumeneku. Ndinakumvapo m'nyumba chaka cha njala chija."

Ndinawatukwana, munthu wamkulu woti akanandibereka. Anatsuka mpaka fungo litatha, anapita kusitolo, anatapa madeya m'kachitini, n'kubwerera kumbali ya nkhumba. Apa n'kuti a Msiska ndi Peterson atafika. A Malizani anavula magambuti, anagwada, n'kulowa m'makina muja chokwawa, akugwedeza kachitini kaja.

Chitseko chinatsekeka kumbuyo kwawo. Pakagalasi panaoneka 46. Makina anatsegula chitseko cha kumanzere, cha nkhumba zoonda zofunika chakudya chambiri. Peterson anayamba kuseka, koma anasiyira panjira. A Msiska anavula magalasi awo n'kumawapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali.

A Malizani anatulukira kumalo odyera, anadzuka, anazungulira panja, analowanso kumbali ya nkhumba, n'kugwadanso. Ulendo wachitatu kankhumba kena kamawanga kanadzuka n'kuwatsatira. Anadikira kutsidya akugwedeza kachitini mpaka kanalowa, kanayezedwa, kanatuluka, kanayamba kudya. Zinzake zitamva kutafuna zinadzuka. Koma zinkalowa ziwiri kapena zitatu n'kuchitanso mantha, ndiye iwo ankakwawanso. Ndinawerenga maulendo khumi ndi limodzi. Maondo a thalauza anang'ambika, khungu linasupuka. Pofika masana nkhumba zonse zinali zitadya. A Malizani anasamba m'manja pampopi, anavala magambuti, n'kufunsa Peterson ngati pali ntchito ina.

Sabata isanathe nkhumba zinkaima pamzere pakhomo pa makina ngati anthu pachigayo. Lole inabwera, inatenga za kumanja, palibe anagwira msana wa nkhumba ndi chikhatho. Esiteti inagula makinawo. Kumapeto kwa Januwale 2006 tinalandira manotisi anthu anayi, ine ndi a Malizani tili momwemo. Anatsala Peterson ndi bambo wina wamphamvu zake wa wilibala.

A Msiska anati analembera kuofesi yaikulu kupempha kuti a Malizani atsale, koma anawayankha kuti pakufunika munthu wodziwa kuwerenga. Ndikukhulupirira kuti analembadi. Anawalembera kalata yowayamikira, yachingerezi, yokhala ndi chidindo. A Malizani anailandira ndi manja awiri, anaipinda kanayi, anaiika m'thumba.

Masiku asanu ndi awiri aja palibe anawayankhula pakompaundi. Ine ndinkati ndikawaona pakhonde ndinkatembenuka. Anthu ankati chifundo chinapha nkhwali. Ine ndinkati nkhwali ija inafa yokha, siinatenge ana a eni ake. Ndinakwiya mpaka mkwiyo unandithera, ndinangotsala ndikumanga katundu, osamva kalikonse. Kuseri kwa khoma ndinkamva iwo akusesa.

Tsiku lomaliza iwo anachoka mmawa, ine ndisanamalize kumanga. Ndinafika pasiteji cha m'ma thuu koloko, ndi ana ndi mitolo, ulendo wa kwa amayi anga ku Chimaliro. Ndinawapeza ali pomwepo, atakhala pamwala pansi pa chikwangwani. Pambali pawo panali mkeka wokulunga, ndowa, ndi thumba limodzi la feteleza lomanga pakamwa ndi luzi. Mayi wogulitsa nthochi anandinong'oneza kuti madalawo afika dzuwa lisanatenthe, ndipo zadutsa minibasi zopita ku Limbe, zadutsa zotsikira ku Makwasa, iwo sanaimitse ngakhale imodzi.

Yathu itafika, anadzuka. Ananyamula thumba langa la ziwiya, lolemera kuposa iwo, n'kumupatsira kondakitala. Ananyamulanso kamwana kanga kotsiriza n'kukakhazika pampando.

"Muyende bwino, amake Dora," anatero.

Ndinangokwera osawayang'ana. Kondakitala anagwira chitseko n'kuwafunsa kuti, "Madala, tikupita?"

"Pitani. Ndikudikira ina."

Sindinawafunse kuti ina yake iti. Kwa amayi ku Chimaliro kunali kachipinda kakuseri kosungiramo makasu, kofolera bwino, kopanda wogonamo. Ndinakakumbukira tikutsika chitunda, tiyi akuthamanga pawindo mbali zonse ziwiri. Ndikanatha kumenya denga la minibasi kuti aime. Manja anga anali pamutu pa mwana, ndipo anakhala pomwepo mpaka tinafika ku Boma.