Manambala a Tayala Lakutsogolo

Simao anabadwira pa pulazi ya fodya kufupi ndi Karoi, makolo ake ochokera ku Tete, ndipo sukulu ya papulazipo inatsekedwa iye asanagwire bwino kuwerenga. Chimene ankachidziwa ndi njinga yake yamoto, yakalekale, ya mtundu uja akapitawo ankayenderapo m'minda. Ankanyamulirapo anthu, feteleza ngakhale nkhumba, ndipo a m'komboni ankamuseka kuti mkazi wake Celestina ali pamitala ndi njinga.

Mwana wawo woyamba anabadwira m'ngolo ya ng'ombe panjira ya ku kiliniki, ndipo sanalire. Simao analumbira kuti wachiwiri sadzaiona ngolo. Koma pamene masiku a Celestina ankayandikira, tayala lakumbuyo linali litaperepeseka mpaka ulusi kuonekera. Mantha anamugwira, nagulitsa mbuzi yomwe inatsala.

Anzake anamuuza kuti tayala sagula ndi maso, umapita ndi manambala olembedwa m'mbali mwake. A lakumbuyo anali atafufutika kale ndi matumba amene ankalikhula. Simao sanadandaule nazo. Kodi nsapato za munthu mmodzi zimasiyana kukula? Anayala kansalu koyera pa tayala lakutsogolo, nakakhula ndi khala mpaka manambala anatuluka, kenako anakwera lole ya fodya.

Ku Karoi, Liberty wogulitsa matayala anayang'ana kansaluko, natsitsa tayala la 19. Anafunsa ngati linali lakutsogolo kapena lakumbuyo. Simao sankafuna kuoneka mbuli pamaso pa anyamata a m'tauni, choncho anangoti mosakaniza ndi chilankhulo cha kumeneko, “Iroro, mdhara! Lomwelo, achikulire, ndipatseni.” Analikoleka pakhosi n'kubwerera kumudzi mtima uli m'malo.

Linali Loweruka masana pamene analiveka pa limu yakumbuyo. Tayala linangoti khwekhwe, ngati chipewa cha bambo pamutu pa mwana. Anapopa, anamenya ndi mpini, analipaka sopo, anatukwana m'chilankhulo cha agogo ake, koma ayi ndithu. Atapala matope pa limuyo anapeza manambala ena, ndipo womalizirayo sunali wofanana ndi wa pakansalu. Pa njinga za m'mapulazi zija, gudumu lakumbuyo ndi la 18, locheperapo. Anakhala pansi n'kulira, munthu wamkulu, poti lole inali itapita ndipo sitolo inali yotseka mpaka Lolemba.

Celestina matenda anamuyamba Lamulungu m'mawa. Simao anali atabwezera tayala lakale kumbuyo, ataika chigamba mkati pamene panali ulusi. Latsopanolo analiika kutsogolo, kumene linalowa bwinobwino popanda vuto lililonse.

Mkaziyo anatuluka atagwira m'chiuno, thukuta lili kamukamu. “Tayala lija mwasintha?”

“Ndasintha,” anatero Simao, osamuyang'ana kumaso.

Celestina anaona tayala lonyezimira kutsogolo, anapumira m'mwamba, nakwera pang'onopang'ono kumbuyo, pamwamba penipeni pa lakale lija. Anamugwira mwamuna wake m'chiuno n'kumuuza kuti athamange.