Dzinja Limene Amayi Ankagwa

Chimene ndimakumbukira msanga ndi pulasitiki wakuda amene amayi ankamanga m'chiuno pokathyola tiyi, kuti mame asawanyowetse. Pulasitikiyo ankanunkha tiyi wamuwisi ndi thukuta. Tsiku limene amayi anakomoka koyamba, azimayi anzawo anawanyamulira pa pulasitikiyo mpaka kumsewu, tsaya lonse lili matope ofiira.

Linali dzinja, ine ndili sitandade folo. Amayi anali aganyu pa esiteti, ndipo aganyu amalembedwa tiyi akachuluka basi. Ukajomba, kapitawo ankafuna kuona buku lako lakuchipatala. Ankanyambita chala n'kumatsegula peji ndi peji ngati anaphunzira udokotala, ndipo akakuona kuti ndiwe wodwaladwala, chaka chotsatira dzina lako ankalidumpha.

Nzeru anabwera nayo ndi malume. “Achemwali, kugwaku kukachuluka m'buku limodzi adzati ndi khunyu. Ntchito ithera pompo. Muzigula lina.”

Amayi anamvera. Akakomoka ankagula buku latsopano, n'kupita kuchipatala china, ulendo uno mbali ya ku Chonde, ulendo wina ya ku Nkando. Kamodzi ndinawaperekeza. Adokotala anafunsa ngati zinawachitikirapo kale.

“Iyayi, n'koyamba,” anatero amayi, maso ali pansi.

Adokotala analemba timizere tiwiri, n'kunena kuti mwina ndi njala kapena dzuwa. Anawapatsa panado, n'kuwauza kuti azimwa madzi ambiri. Buku lakale linkakhala langa. Amayi ankang'amba peji yolembedwayo n'kuiponya pamoto, otsalawo ine n'kumalembamo masamu, chifukwa kope langa linali litatha kalekale. Aphunzitsi anasiya kundikhazika panja.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi yosunga mafayilo a odwala, ndipo ntchito yanga ndi kuika nambala pa matenda alionse. Kukomoka kosadziwika chifukwa kuli ndi nambala yake. Kukomoka kochokera ku matenda a mtima kuli ndi ina, ndipo kumeneko munthu samubweza ndi panado. Chimene chimathandiza dokotala kusiyanitsa ziwirizi ndi mbiri: kangati, akuchita chiyani, anamva bwanji asanagwe. Amayi ankagwa akukwera chitunda dengu lili kumsana. Ankati mtima umathamanga ngati ukufuna kutulukira pakhosi, ndipo madzulo mapazi ankatupa mpaka patapata osalowa. Zonsezi zikanakhala m'buku limodzi, wina akanaziona. Adokotala aja sindiwaimba mlandu, munthu sangawerenge phulusa. Malume ndimawakwiyirabe mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti ufa umene tinkadya unkachokera ku nzeru yawo yomweyo. Zimandiwawa kwambiri.

Mvula ili pafupi kutha, amayi anagwanso panjira yopita kusikelo yoyezera tiyi. Mayi wina wapafupi ndi kwathu anabwera kusukulu, n'kunong'onezana ndi aphunzitsi pakhomo. Aphunzitsi anandiitana mofatsa kuposa masiku onse.

“Tenga zinthu zako uzipita kunyumba. Amayi ako agwa.”

Ndinasangalala. Ndinamugunda mnzanga ndi chigongono n'kumuuza kuti mawa ndibwera ndi buku latsopano, afe nayo nsanje. Ndinathamanga kumusiya mayi uja kumbuyo akundiitana. Panjira yolowera kwathu panali patayalidwa nthambi zaziwisi, ndipo amuna anali atakhala chete pansi pa mtengo wa mango. Ndinalumpha nthambizo ndikudabwa kuti wazitaya panjira ndani, n'kuyamba kufunsa aliyense kumene amayi aika buku lakale.